Stamford: Mzinda wa Msika ndi Eni Nthaka Ake

Pa msewu waukulu wochokera ku London kunka kumpoto kwa dziko la Mangalande, pafupifupi mamailosi 90 kuchokera ku likululo, pali mzinda waung'ono dzina lake Stamford. Mlendo wofikako amazizwa poona kuti nyumba za pakati pa mzindawo nzamiyala, zomangidwa zaka mazana awiri, atatu, zina asanu apitawo, ndi kuti mafakitale amene anadetsa mizinda ina ya dzikolo ndi utsi sanaukhudze kwenikweni. Mu 1967 mzinda umenewu unakhala woyamba m'Mangalande kutetezedwa ndi lamulo latsopano losunga maonekedwe a malo akale. Munthu angathe kuyesa kuti kukongola kotere kunasungika chifukwa eni mzinda anakonda za makolo ao. Koma mbiri ionetsa kuti chimene chinasunga Stamford ndicho chomwenso chinaupinimbiritsa. Nthaka yake inagwera m'manja mwa banja limodzi, ndipo kwa nthawi yaitali banjalo silinafune kuti mzinda ukule.

Dooko la miyala

Dzina loti Stamford m'Chingelezi chakale litanthauza dooko la miyala. Pamalo pamenepo mtsinje wa Welland ndi wosaya ndipo pansi pake mpolimba, kotero kuti anthu, ng'ombe ndi ngolo zinkaoloka osatitimira. Aroma pomanga msewu wao wa Ermine Street anauolotsa chapafupi pomwepo. M'zaka za m'ma 800 ankhondo a ku Denmark analanda chigawo cha kum'mawa kwa Mangalande, namanga linga kumpoto kwa mtsinjewo, ndipo Stamford unakhala umodzi mwa mizinda yao isanu ya malinga, pamodzi ndi Lincoln, Leicester, Nottingham ndi Derby. Mu 918 Mfumu Edward, mwana wa Alfred, anamanga linga lake kummwera kwa mtsinje, ndipo a kutsidya anamgonjera. Chiyambire pamenepo mzindawo unakhala wa mbali ziwiri: yakumpoto, kumene kuli msika, ndi yakummwera, imene inatchedwa St Martin's potsata dzina la tchalitchi chake.

Masiku amenewo mudzi sunkangodziyambira msika. Ufulu wochititsa msika unkachokera kwa mfumu, ndipo amene wapatsidwa ufuluwo ndiye ankatolera msonkho kwa ogulitsa. Motero mzinda wa msika unali mtima wa midzi yonse youzungulira, kumene mlimi ankafika ndi tirigu ndi nkhosa mmawa nabwerera kwao dzuwa lisanalowe. Stamford unayamba kutchuka ndi mbiya zonyezimira zoumbidwa komweko, pambuyo pake ndi ubweya wa nkhosa ndi nsalu. M'zaka za m'ma 1200 msika wake waukulu wa pachaka, wochitika pakati pa nyengo ya Lenti, unkakoka amalonda a kutsidya kwa nyanja. Mzindawo unali ndi mpanda wa miyala, nyumba za amonke, ndi matchalitchi a parishi 14. Mu 1215 akuluakulu a dziko opandukira Mfumu John anasonkhana kumeneko asanapite kukamkakamiza kuvomera chikalata cha Magna Carta. Mu 1333 aphunzitsi ndi ophunzira ena anachoka ku Oxford nayesa kukhazikitsa sukulu yao yaukachenjede ku Stamford, mpaka Mfumu Edward III anawalamula kubwerera.

Ulemerero umenewu sunakhalitse. Ntchito ya nsalu inasamukira ku zigawo zina, mtsinje unadzala matope kotero kuti mabwato analeka kufika, ndipo mu 1461, pa nkhondo ya pachiweniweni ya mabanja achifumu a York ndi Lancaster, ankhondo a Lancaster anafunkha mzindawo. Pofika m'ma 1500 matchalitchi ambiri anali atatsekedwa chifukwa chosowa anthu owasamala.

Eni minda ndi lamulo la cholowa

Kuti zotsatirazi zimveke, nkofunika kudziwa m'mene anthu a ku Mangalande anasanjikizirana. Pamwamba panali mfumu. Pansi pake panali akuluakulu a maina aulemu monga Baron, Earl ndi Marquess, amene ankakhala m'Nyumba ya Malamulo yapamwamba mwa kubadwa kokha. Pansi pa iwowa panali mabanja a eni minda opanda maina otere, amene Angelezi amawatcha gentry. Anthu amenewa sankagwira khasu kapena kuima pa sitolo. Ankadya lendi yochokera kwa alimi okhala pa nthaka yao, ndipo mwa iwo ndimo munkachokera oweruza milandu ya m'chigawo ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo yapansi.

Chimene chinalimbitsa mabanja amenewa ndicho mwambo wa cholowa. Kwa Achewa munda ndi ufumu zimatsata mbali ya kuchikazi, ndipo mbumba yonse imakhala ndi gawo. Kwa eni minda a ku Mangalande nthaka yonse, nyumba yaikulu ndi dzina laulemu zinkapita kwa mwana wamwamuna woyamba yekha. Ang'ono ake ankapita ku usilikali, ku ubusa kapena ku ntchito ya malamulo. Chifukwa chake munda sunkagawika, ndipo chimene gogo wagula chinkafika kwa chidzukulu chathunthu, kawirikawiri chitaonjezeka ndi nthaka yobwera ndi akazi okwatiwa m'banjamo. Khomo lolowera m'gulu limeneli silinali lotsekeratu. Wamalonda wolemera kapena wantchito wa mfumu ankatha kugula minda, ndipo pakapita mibadwo iwiri ana ake ankawerengedwa mwa eni dziko. Mabanja awiri a ku Stamford aonetsa njira ziwirizi.

Banja la Browne

Banja la Browne linalemera ndi ubweya. William Browne anali mmodzi mwa amalonda ololedwa kutumiza ubweya ku doko la Calais, ndipo anatsogolera bungwe la mzinda kangapo. Iye ndi mbale wake John anakonzanso tchalitchi cha All Saints, chimene nsanja yake ikalipo pakati pa mzinda. Mu 1475 William anayamba kumanga nyumba yosungiramo okalamba osauka, amuna khumi ndi akazi awiri, nawapatsa minda yoti lendi yake iziwadyetsa, ndipo iwo ankayenera kupempherera mzimu wake. Anamwalira mu 1489, koma nyumbayo, yotchedwa Browne's Hospital, isungabe okalamba kufikira lero.

Abale ake otsatira anachita monga ankachitira amalonda ambiri olemera: anatuluka mumzinda nakhala pa munda wao ku Tolethorpe, mtunda pang'ono kumpoto, kumene banjalo linakhala zaka zoposa 300. Kumeneko kunabadwira Robert Browne, amene mu 1581 anapatuka ku Mpingo wa Mangalande, naphunzitsa kuti mpingo uliwonse uzidzilamulira wokha popanda bishopu. Anzake ena anapachikidwa pa chingwe chifukwa chofalitsa mabuku ake. Iye mwini anamangidwa kambiri koma anapulumuka, pakuti anali ndi chibale ndi William Cecil, nduna yamphamvu koposa m'dzikomo. Apa paoneka kale kuti mphamvu inali itachoka kwa a Browne, ndipo moyo wao weniweni unadalira banja lina.

Banja la Cecil

A Cecil sanali mbadwa za Stamford. David Cecil anachokera ku malire a Wales, nafika m'chigawochi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 potsatira Sir David Philip, mmodzi mwa anthu a Mfumu Henry VII. Anakwatira mwana wa mkulu wina wa mzinda, nakhala yekha mtsogoleri wa bungwe la mzinda, nadzakhalanso phungu wa Stamford. Mwana wake Richard anatumikira m'nyumba ya Henry VIII monga wosunga zovala za mfumu. Pamene Henry VIII anatseka nyumba za amonke ndi za asisitere pakati pa 1536 ndi 1540 nalanda minda yao, okhala pafupi ndi mfumu ndiwo anapindula. Richard Cecil anatenga, mwa zina, malo a asisitere a St Michael ku St Martin's. Nthaka imene inali ya mpingo inasanduka ya banja.

Mwana wa Richard, William Cecil, anabadwa mu 1520 ku Bourne. Anaphunzira ku Grantham ndi ku Stamford, napitiriza ku Cambridge. Elizabeth I atalowa ufumu mu 1558 anamuika kukhala mlembi wake wamkulu, mu 1571 anampatsa dzina la Lord Burghley, ndipo mu 1572 anamsungitsa chuma cha dziko. Anatumikira Mfumukaziyo zaka 40 kufikira imfa yake mu 1598. Mu 1561 Elizabeth anampatsa ulamuliro wa nthaka ya Stamford. Pakati pa 1555 ndi 1587 anamanga nyumba yake yaikulu ya Burghley kummwera cha kum'mawa kwa mzinda, yamiyala, ya nsanja zambiri, yoposa nyumba iliyonse ya mumzindawo kutalitali. Mu 1597 anamanganso pafupi ndi mlatho nyumba ya okalamba osauka 13. Manda ake ali m'tchalitchi cha St Martin's.

Anasiya ana aamuna awiri, ndipo onse analandira maina aulemu mu 1605. Wamkulu, Thomas, anakhala Earl wa Exeter natenga Burghley. Wamng'ono, Robert, anakhala Earl wa Salisbury namanga nyumba yake ku Hatfield. Ulamuliro wa mbali ya kumpoto ya Stamford unatuluka m'banjamo kwa kanthawi kudzera mwa mwana wamkazi wokwatiwa kwa a Grey, koma mu 1747 Earl wa Exeter anaugulanso. Mu 1801 dzinalo linakwezedwa kukhala Marquess wa Exeter.

Msewu, nyumba ndi voti

M'zaka za m'ma 1700 Stamford unadzukanso, tsopano chifukwa cha msewu. Ngolo za akavalo zonyamula anthu ndi makalata pakati pa London, York ndi Edinburgh zinkaima kumeneko kusintha akavalo, ndipo nyumba za alendo monga George zinkadyetsa ndi kugoneka apaulendo usana ndi usiku. Osula zitsulo, osoka zikopa, ophika mowa ndi ogulitsa udzu wa akavalo onse ankadya za msewu. Maloya, madokotala ndi amalonda anamanga nyumba zabwino zamiyala zimene alendo amasirira lero, ndipo nyuzipepala ya Stamford Mercury, imene inayamba m'zaka zoyambirira za m'ma 1700, inkawerengedwa m'zigawo zonse zozungulira.

Mzindawo unkatumiza aphungu awiri ku Nyumba ya Malamulo. Woloza chisankho anali mwamuna aliyense wokhala ndi khomo lake nalipira msonkho wa mzinda. Koma chisankho sichinali chachinsinsi. Munthu ankaima pa gulu natchula mokweza dzina la amene wamsankha, ndipo mlembi ankalemba m'buku limene aliyense ankatha kuwerenga. Tsono popeza nyumba zambiri zinali za Marquess, ndipo ogulitsa nyama, mkate ndi makandulo ankadalira malonda a ku Burghley, chisankho chinkatha chisanayambe. Wosankha mosemphana ndi mwini nyumba ankadziwa kuti kalata yomtulutsa ili m'njira.

Anthu sanangokhala chete. Mu 1809 John Drakard anayamba nyuzipepala yotsutsa, Stamford News, ndipo mu 1811 anaponyedwa m'ndende chifukwa chodzudzula mwambo wokwapula asilikali. Sir Gerard Noel, mwini minda wa ku Exton, anamanga hotela yaikulu mumzinda kuti ikhale likulu la otsutsa, koma anagonja pa chisankho cha 1812. Mu 1830 Charles Tennyson, mbale wa atate ake a mlakatuli Alfred Tennyson, anapikisana ndi anthu a Marquess nalephera, ndipo amene anamsankha ali m'nyumba za Marquess analandira makalata owatulutsa. Chaka chotsatira, pamene dziko lonse linali kufuula kuti malamulo a chisankho asinthe, Tennyson anapambana. Mkangano unakula kotero kuti iye ndi Lord Thomas Cecil, mng'ono wa Marquess, anakaomberana mfuti monga mwa mwambo wa eni minda wotsukira dzina, ngakhale palibe anavulala. Koma lamulo latsopano la chisankho la 1832 linaphatikiza St Martin's ku dera la chisankho la Stamford, ndipo St Martin's inali pafupifupi yonse ya Marquess. Lamulo limene kwina linamasula mizinda, ku Stamford linalimbitsa goli.

Minda yosagawidwa

Kumpoto kwa mzinda kunali minda yaikulu ya maekala pafupifupi 1,700, yolimidwa mwa njira yakale: munthu aliyense anali ndi timizere take tobalalika, ndipo akakolola, ziweto za onse zinkadya pamodzi. Pa nthaka yotere munthu sankaloledwa kumanga. M'midzi yambiri yozungulira minda yotere inagawidwa ndi kutchingidwa ndi mipanda pakati pa 1760 ndi 1830, mwini aliyense nalandira chigawo chake chimodzi choti achite nacho chimene afuna. Ku Stamford kugawa kumeneku sikunatheke popanda chilolezo cha Marquess, ndipo Brownlow Cecil, Marquess wachiwiri, sanalole. Chifukwa chake nchosavuta kuchiona. Eni zigawo akanamanga nyumba, m'nyumbazo mukanalowa anthu osalipira lendi ku Burghley, ndipo anthu otere akanasankha monga afunira.

Mtengo wa zimenezi unagwera osauka. Anthu ankachuluka koma mzinda sunkatha kutambasuka, choncho tinyumba tinathithikana m'mabwalo a kuseri kwa nyumba zazikulu, mopanda mpweya ndi madzi abwino, ndipo ena anamanga mozemba m'mphepete mwa minda. Kutsogolo kunali makomo okongola amiyala, kuseri kunali uve ndi matenda. Marquess anamwalira mu 1867, lamulo logawa mindayo linaperekedwa mu 1871, ndipo ntchito yogawa inatha mu 1875.

Njanji ilambalala

Nkhonya yaikulu inadza ndi sitima ya pamtunda. Njanji yaikulu ya kampani ya Great Northern yochokera ku London kunka kumpoto, imene inatsegulidwa mu 1852, inadzera ku Peterborough ndi ku Grantham, nilambalala Stamford mamailosi ochepa kum'mawa. Anthu a mumzinda anaifuna ndi mtima wonse, ndipo anaimba mlandu Marquess kuti sanawamenyere nkhondo poopa mafakitale ndi alendo osamvera. Olemba mbiri ena pambuyo pake aonetsa kuti njira ya ku Peterborough inali yosavuta kumanga ndi kuti inali ndi eni minda amphamvu oikokera kwao. Chimene onse avomerezana ndicho chotsatira chake. Ngolo za akavalo zinatha m'zaka zowerengeka, ndipo nyumba za alendo zinakhala pululu. Stamford unatsala ndi njanji yaing'ono yopingasa ya kampani ya Midland. Mu 1856 Marquess mwiniwake anatsogolera kumanga kanjanji kolumikiza mzinda ndi njanji yaikulu pa Essendine, koma zengerezu adalinda kwaukwau. Mu 1851 Stamford ndi Peterborough inali yolingana, uliwonse ndi anthu pafupifupi 9,000. Pofika 1901 Peterborough unali utapitirira 30,000, pamene Stamford sunaonjezeke.

Phungu wa Stamford ndi dziko la Malawi

Mpando wa phungu umene unasungidwa ndi njira zonsezi unakhudza anthu akutali amene sanamvepo dzina la Stamford. Mu 1853 Marquess wa Exeter anaupereka kwa mbale wake wa ku Hatfield, Lord Robert Cecil, mnyamata wa zaka 23, ndipo panalibe wopikisana naye. Anakhala phungu wa Stamford kufikira 1868, pamene analowa dzina la atate wake nakhala Marquess wa Salisbury. Anali wotsutsa kwambiri kuonjezera anthu oloza chisankho, ndipo mu 1867 anatula pansi unduna chifukwa cha nkhani imeneyi. Pambuyo pake anakhala nduna yaikulu ya Britain katatu.

Ndiye amene pa 11 Januwale 1890 analamula Apwitikizi kuchotsa asilikali ao ku chigwa cha Shire, Serpa Pinto atamenyana ndi Amakololo chaka cham'mbuyo. Ndi boma lake limene mu 1891 linalengeza kuti dziko lozungulira nyanja lili pansi pa chitetezo cha Britain, natumiza Harry Johnston kukalilamulira, nagwirizana ndi Apwitikizi za malire amene alekanitsa Malawi ndi Mozambique. Linga limene azungu anamanga ku Mashonaland mu 1890 linatchedwa Salisbury pomlemekeza iyeyo, ndipo mzinda umenewo, kumene amuna ambiri a ku Nyasaland anakagwira ntchito, unatchedwa Harare mu 1982. Munthu amene anadula malire a maiko a ena sanapikisanepo ndi wina aliyense pa chisankho moyo wake wonse.

Kutha kwa mphamvu

Mphamvu ya Burghley pa mzinda inatha pang'onopang'ono ndi malamulo. Mu 1868 Stamford unatsala ndi phungu mmodzi. Mu 1872 chisankho chinakhala chachinsinsi, ndipo buku limene mwini nyumba ankawerenga linatha ntchito. Mu 1880 munthu wa chipani cha Liberal anapambana, ndipo mu 1885 mzindawo unaleka kukhala ndi phungu wakewake. David Cecil, Marquess wachisanu ndi chimodzi, anatchuka ndi liwiro osati ndale, pakuti anapambana mendulo ya golide pa mpikisano wothamanga modumpha zotchinga ku masewera a Olympic a 1928 ku Amsterdam. Atamwalira mu 1981, nyumba ya Burghley inakhala m'manja mwa bungwe loisunga, ndipo alendo amalipira pakhomo kuti aione. Popeza m'zaka zimene mizinda ina inagwetsa zakale ndi kumanga mafakitale Stamford unalibe malo kapena chuma chochitira zimenezo, nyumba zake zoposa 600 zili lero m'kaundula wa nyumba zotetezedwa, ndipo msika wake uchitikabe Lachisanu lililonse.

Mphunzitsi wa ana aang'ono sadzafunsidwa kuphunzitsa maina a mabanja amenewa. Chimene angatengepo ndicho njira yofunsira. Mbiri ya Stamford yatuluka poyankha mafunso atatu: njira imene inabweretsa anthu pamalopo inali iti, ndipo inasamuka liti, nthaka inali ya yani, ndipo inkapita kwa yani mwini akamwalira, amene ankayankhulira anthu kwa olamulira ankasankhidwa ndi yani. Mafunso omwewo angafunsidwe za msika uliwonse wa pafupi ndi sukulu, za esiteti ya tiyi kapena ya fodya, za siteshoni ya njanji imene inakweza mudzi wina ndi kusiya wina. Mayankho ake sali m'mabuku okha. Ena ali pa miyala ya kumanda ndi m'kaundula wa tchalitchi, ndipo ambiri ali ndi agogo a ana omwewo amene mphunzitsi adzawapeza m'kalasi.